Supu ya Kabichi ya a Zhuwao

Kwathu ku Feira, pamene Luangwa amathira madzi ake mu Zambezi, munthu akati supu ndiye kuti akunena msuzi wa nsomba, uja timanyikamo nsima. Ine ndinakula ndikudziwa choncho. Atate anali msodzi, inenso ndinali wa m'bwato, mpaka tsiku limene mvuu inatiphwanyira bwato pafupi ndi chisumbu. Tonse tinapulumuka, koma bwato ndi maukonde zinapita ndi madzi. Nsomba nazonso zinali zitayamba kuchepa, ndiye mnzanga wina wochokera ku Joni atanena kuti kumafamu kukufunika anthu, sindinachedwe.

Mkazi wanga Esnati anandiperekeza pokwerera basi ya ku Lusaka, mwana wamkazi ali kumsana, wamwamuna atagwira nsonga ya chitenje. Sanalire. Anangoti ndikakafika ndikagule jekete, chifukwa anamva kuti kumeneko kumazizira. Ndinaseka. Munthu wa ku Feira, kumene ngakhale abuluzi amathawira pamthunzi, jekete ndi yachiyani?

Famu imene ndinapezako ntchito inali kunja kwa tauni, ndipo inali ya kabichi. Munda wotero ndinali ndisanauonepo. Ukaima pakati, kulikonse kumene wayang'ana ndi mitu ya kabichi yokhayokha mpaka polekezera maso. Ntchito yathu inali kudula mituyo ndi mpeni n'kumaponyera mnzathu woima pangolo ya thirakitala. Tinkayamba dzuwa lisanatuluke. M'miyezi yozizira masamba ankakutidwa ndi chisanu choyera ngati mchere, ndipo ukawagwira zala zinkaleka kumva. Jekete ija ndinaigula ndi malipiro oyamba, koma Esnati sindinamuuze msanga.

Tinkagona m'chinyumba chachitali cha malata, mabedi osanjikizana, amuna a mitundu yonse: a ku Zimbabwe, a ku Lesotho, a ku Malawi, a ku Mozambiki. Ufa tinkagula tokha, koma kabichi wong'aluka kapena wodyedwa ndi mbozi anali waulere, utenge mmene ungathere. Ine ndinkamukazinga ndi saladi, mafuta ophikira aja, ndi matimati monga amachitira kwathu. M'mawa ndimudule, masana ndimudye, madzulo ndimudyenso, pogona bulangeti likununkha iye yemweyo. Ndinkalota nsomba ya pende yowotcha. Ndinaonda mpaka ndinaboola bowo lina palamba.

Tsiku lina m'mawa mpeni unaterereka patsamba lachisanu n'kundicheka chala. Ndinatukwana m'Chikunda, mawu oti sindingawabwereze pano. Mudala wina amene ankadula mzere woyandikana ndi wanga anaweramuka n'kufunsa kuti watukwanayo ndani. Anali wamfupi, wa imvi m'ndevu, atavala chipewa cha ulusi chofika m'makutu. Ndinayamba kupepesa.

"Usapepese," anatero. "Bwerezanso."

Ndinabwereza chapansipansi. Mudala uja anaseka mpaka anakhala pansi pakati pa kabichi, misozi ikutsika m'masaya. Atapeza mpweya anandiuza kuti chitukwano chimenecho anachimva komaliza padoko la ku Zumbo, kwa mpalasi wa bwato, iye ali mnyamata. Dzina lawo linali a Zhuwao. Zumbo ili kutsidya kwa mtsinje, m'dziko la Mozambiki, moti kwathu timamva atambala awo akulira. Anandimanga chala ndi kansalu, ndipo tsiku lonse ankandifunsa za kwathu: ngati anthu akadayanika masau pamadenga, ngati njovu zikadalowa m'madimba, ngati mtsinje ukadasintha mtundu Luangwa akadzaza. Kuyambira tsikulo ndinkawatchula kuti tiyu, monga timatchulira amalume m'mbali mwa mtsinje.

Ataona mbale yanga ya kabichi wokazinga anapukusa mutu, ati ndifa ndi njala ndili pakati pa chakudya. Anati ndibwere Lamlungu kuseri kwa chinyumba chathu, kumene anali ndi poto wawo wachitsulo wa miyendo itatu.

Anayamba ndi mafupa a ng'ombe amene anagula Loweruka kubutchala. Anawatsuka, anawaika m'madzi ozizira, n'kuwasiya kuti awire pang'onopang'ono, iwo akuyengula thovu ndi supuni. Pachivindikiro cha poto anakazingapo anyezi ndi adyo m'saladi pang'ono, n'kuthira m'mafupa muja. Kenako anaponyamo mbatatesi zathunthu ndi makaroti othyoka otola m'munda wa pafupi. Mbatatesi zitapsa anazivuula, anazinyenya ndi tako la botolo, n'kuzibwezeramo, ndipo madzi aja analemera n'kukhala ngati phala lamadzimadzi. Anati mbatatesi zikasowa, dzungu limagwira ntchito yomweyo.

Kabichi ndiye ankamulemekeza kwambiri. Masamba akunja obiriwira, aja ife tinkataya, iwo ankawatsuka, kuwasanjikiza, kuwakulunga ngati fodya, n'kuwadula mopyapyala ngati ulusi. Oyera a m'kati ankawadula mokulirapo. Chitsinde cholimba cha pakati anachisenda, anachithira kamchere, n'kundipatsa kuti ndikukute chachiwisi. Ankachita choncho nthawi zonse: amene waima pafupi ndiye amalandira. Kabichi ankalowa pomaliza, poto osavindikira, ndipo akangofewa ankaphula. Anati kabichi ukamuchedwetsa pamoto amakwiya, ndiye chifukwa chake amanunkha.

Anandithirira m'kapu yachitsulo, anadonthezamo saladi yaiwisi ndi piripiri, n'kundipatsa chibenthu cha buledi. Ndinafunsa kuti nanga nsima ili kuti. Anati palibe, imeneyi ndi yomwa. Ndinaona ngati akundiseka, chifukwa ndiwo zomwa ngati tiyi ndinali ndisanazimve. Koma nditamwa, kutentha kunatsika mpaka kuzala za kumiyendo, kumene jekete inkalephera kufika. Ndinamwa kapu yachiwiri osafunsanso za nsima.

Lamlungu lililonse tinkakhala pamenepo. Wachitatu wathu anali Thabo, woyendetsa thirakitala wa ku Lesotho, munthu wamtali wokonda kuimba, amene ankabwera atafunda bulangeti lake ndi kapu yaikulu kuposa athu. Ine ndinayamba ndi kutunga madzi, kenako kusenda, kenako anandilola kudula masamba, ngakhale ankati ndikudula ngati ndikukonzera mbuzi.

Nkhani yawo inatuluka pang'onopang'ono, pakati pa kuyengula thovu ndi kusonkheza moto. Amai awo ankaphikira ansembe ku Zumbo, ndipo supuyi anaiphunzira kumeneko n'kumaphikiranso ana awo kunyumba. Anabadwa awiri, iwo ndi mlongo wawo wamkulu, Marita. Nkhondo itafika kwawo, a Zhuwao anathawa ndi anyamata anzawo n'kukathera kumigodi. Migodi itachotsa anthu anayamba kuyenda m'mafamu. Kalekale anamva kuti mudzi wawo unatenthedwa, ndipo kuyambira pamenepo sanamvenso kanthu. Nditawafunsa chifukwa chimene sanabwerere mtendere utabwera, anangoti, "Ndikafikire kwa ndani?" Kenako anandituma nkhuni.

Chaka china kunabuka chipwirikiti m'makomboni apafupi. Magulu a anthu ankathamangitsa alendo, ati tikuwalanda ntchito. Mwini famu anatseka geti n'kutiuza kuti tisatuluke. Tinkaona utsi chapatali, ndipo aliyense ankagona nsapato zili kumiyendo. Ufa unatha, buledi anatha, kunatsala kabichi. A Zhuwao anayenda bedi ndi bedi kusonkhanitsa mapoto ndi chilichonse chimene munthu anabisa: uyu nyemba za m'manja, uyu anyezi awiri, uyu mchere. Thabo, amene chilankhulo chake chimafanana ndi cha eni dera, anakwera njinga n'kupita kubutchala akuimba mokweza, ndipo anabwera ndi thumba la mafupa pakaliyala. Mmalawi wina anatulutsa usipa pansi pa matiresi. A Zhuwao anakana kwa nthawi, ati nsomba sizilowa m'supu ya amai awo, koma ataona nkhope za anthu anati ziloweko, amai amvetsa.

Chinyumba chonse chinadya, tsiku ndi tsiku, mpaka msewu unatseguka. Mantha analipo, koma tinaseka kwambiri masiku amenewo kuposa ena onse. Aliyense akudziwa zimene kabichi ndi nyemba zimachita m'mimba mwa munthu, ndiye taganizani amuna ochuluka chotero m'nyumba ya malata, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira. Thabo anati anthu a chipwirikiti aja akabwera tisavutike ndi ndodo, tingowatsegulira chitseko, athawa okha.

Zaka zinapita. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kwa Esnati, poyamba kudzera kwa madalaivala a mabasi, kenako pafoni. Msana unayamba kundiwawa. Koma chimene chinandinyamula ndi tsiku limene ndinaimba foni kunyumba, mwana wanga wamkazi n'kuyankha, kenako ndinamumva akuitana amake kuti kuli bambo wina akufuna kulankhula nawo. Ndinauza a Zhuwao kuti ndikupita, ndipo ndinawapempha kuti tipitire limodzi. Anakana. Patsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pageti, Thabo anatijambula pafoni, ndipo ndikukwera galimoto a Zhuwao anandigwira mkono.

"Ukaoloka ku Zumbo tsiku lina, ungofunsako. Ukapanda kumva kanthu, usandiuze."

Kunyumba ndinapeza zinthu zikuyenda popanda ine. Esnati anali atasanduka wamalonda weniweni: ankagula nsomba kwa asodzi, kuziika m'firiji, n'kupita nazo ku Lusaka. Padoko anthu ankandilozerana kuti uyo ndi mwamuna wa a Esnati. Mwana wamwamuna anali atandipitirira msinkhu, mawu ali besi. Wamkazi ankandipatsa moni atagwada patali ngati mlendo. Atate anali atakalamba, tsiku lonse ali pamthunzi kusoka maukonde a anthu ena. Masiku oyamba ndinkangozungulira pabwalo osadziwa poika manja. Kenako inafika Juni, madimba a m'mbali mwa mtsinje anadzaza kabichi, ndipo Lamlungu lina ndinapempha poto. Anzanga a padoko atamva anati Joni yandisandutsa mkazi. Koma mwana wanga wamkazi anabwera kudzaima pafupi kuti aone mmene ndikudulira masamba, ndipo tsiku lomwelo ananditchula atate osachita kuuzidwa.

Ku Zumbo ndinaoloka. Ndinafunsa padoko, pamsika, kutchalitchi. Mkulu wina wa mpingo anakumbukira mai wophikira ansembe uja, ndipo anati anamwalira kale, koma mwana wake wamkazi anathawira kutsidya, ku Zambia, monga anachitira ambiri. Zoposa pamenepo sankadziwa. Ndinabwerera ndili wolefuka, koma Esnati anandiseka kuti ndimafunsa amuna nkhani ya munthu wamkazi. Iye anauza azimai a kutchalitchi ndi anzake ogula nsomba, ndipo mawu anayenda okha m'mabasi ndi m'zigayo. Mwezi usanathe kunabwera yankho: kuli gogo wina dzina lake Marita, wolankhula Chikunda cha kutsidya, m'mudzi wa kufupi ndi Katondwe.

Tinapita awiri. Panjira Esnati anagula nyama ya mbuzi ya mafupa kuti tisafike chimanjamanja. Tinawapeza a Marita pakhonde akusenda nshawa, mai wamng'ono thupi, wa maso akuthwa. Ankakhala ndi mwana wawo wamkazi. Titapatsana moni ndinafotokoza chimene tinabwerera. Anamvetsera manja osaleka ntchito. Nditamaliza anati Zhuwao anamwalira kalekale, ndipo Misa yake inachitika. Anatinso zaka zapitazo kunabwera munthu wina ndi nkhani ngati yomweyi, anapatsidwa mbuzi kuti akamutenge, ndipo mpaka lero sanabwere, iye ndi mbuzi yomwe.

Ndinawaonetsa chithunzi pafoni. Anachiyandikitsa kumaso, kenako anandibwezera.

"Iyi ndi nkhalamba. Mlongo wanga ali ndi tsitsi lambiri ndi mano onse."

Pabwalo pawo foni sinkagwira, ndipo Thabo anali atandiuza kuti a Zhuwao aweruka kumunda chakumadzulo. Kunalibe chochita koma kudikira. A Marita, ngakhale sanatikhulupirire, sakanalola alendo kukhala ndi njala, ndiye anatuma mwana wawo kudimba, ndipo anabwera ndi kabichi wamkulu. Ndinapempha kuti ndiphike ndine. Esnati ananditsina pantchafu, chifukwa mwamuna kupempha poto pakhomo pa eni ndi zochititsa manyazi, koma a Marita anati msiyeni, tione zimene amaphunzira ku Joni.

Ndinaika mafupa a mbuzi m'madzi ozizira n'kumayengula thovu. Anyezi ndi adyo analipo, mbatatesi kunalibe, ndiye ndinapempha dzungu. Nditalivuula n'kuyamba kulinyenya ndi botolo, ndinamva kuti kusweka kwa makoko a nshawa kwachepa. Nditatola masamba akunja amene mwana wawo anali atataya kale, kuwatsuka n'kuwakulunga, kunasiyiratu. A Marita sindinawayang'ane. Ndinadula masamba aja mopyapyala mmene ndikanathera. Kenako ndinasenda chitsinde, ndinachithira kamchere, ndipo mwachizolowezi ndinatambasula dzanja kwa amene anali pafupi. Anali a Marita, atasendera ndi kampando kawo mpaka pamoto.

Anachiyang'ana nthawi yaitali asanachilandire.

"Ichi ankakupatsa yekha, kapena unkachita kumulanda?"

Ndinayankha kuti amapatsa aliyense amene waima pafupi.

"Ndiye kuti anakula," anatero. "Ine ankandilanda n'kuthawira nacho kumtsinje."

Anachiika pambali pa kamwa pamene panatsala mano n'kuyamba kukukuta, maso ali pamoto. Supu itapsa anamwa kapu yonse, anapukuta pakamwa ndi chitenje, n'kufunsa kuti foni ija imagwira pati.

Inkagwira pachulu china kuseri kwa sukulu. Tinakwera nawo pang'onopang'ono, Esnati atawagwira mkono, anthu a m'mudzi akutitsatira. Ndinaimbira Thabo pavidiyo, iye anayankha, anatembenuza foni, ndipo nkhope ya a Zhuwao inaoneka, chipewa chili m'manja. Ndinali ndisanawauze kanthu, monga anandipemphera. Anayang'ana, a Marita nawonso anayang'ana. Ndinaopa kuti foni yaima.

"Zhuwao, iwe," anatero a Marita, "tsitsi unalisiya kuti?"

"Mana Marita," anayankha a Zhuwao. Mana ndiye kuti mlongo wamkulu. Thabo, amene sankamva chilankhulo chathu, ankalira kumbuyo kwawo atadziphimba ndi bulangeti.

A Marita ndiwo anapezanso mawu. Anauza mlongo wawo kuti mwana wa eni wamuphunzitsa zolakwika, chifukwa amai adyo ankaika pomaliza, wosinja, osati kumukazinga poyamba. A Zhuwao anapukuta maso n'kunena kuti ayi, poyamba, iwo ndiwo ankasonkheza moto ndipo ankaona. A Marita anati wosonkheza moto amaona utsi basi. Anakangana choncho, akulira, akuseka, anthu pachulu akuwomba m'manja, mpaka mayunitsi anatha. Esnati anathamangira kukantemba kukagula ena. Ulendo wachiwiriwo ndi pamene anauzana za amai awo, kumene anaikidwa, ndi mayina a adzukulu.

Za mapepala a ulendo zinatenga nthawi, ndipo a Zhuwao anasintha maganizo kangapo, ati adzafika bwanji wopanda kanthu m'manja. A Marita anati akachedwanso adzapeza Misa yachiwiri itachitika, ya iwo a Marita. A Zhuwao anabwera nyengo yozizira yotsatira. Ine ndi Esnati tinakawalandira pa boma, ndipo asanapite kulikonse anapempha kuti tiwafikitse kumtsinje. Anaima padoko akuyang'ana nyumba za ku Zumbo kutsidya, anawerama n'kusamba kumaso, kenako anati tiyeni, mana akudikira.

Lero ine ndili ndi dimba langa la kabichi, ndipo ndimathandiza Esnati kunyamula nsomba, iye ndiye bwana. A Zhuwao amakhala kwa mlongo wawo, m'kanyumba kamene adzukulu anawamangira. Ndikapeza mpata Lamlungu ndimakwera galimoto yopita ku Katondwe ndi mitu iwiri ya kabichi m'thumba. Supu imaphikidwa, koma wophika ndi a Marita. Munthu amene anadyetsa chinyumba chonse cha amuna pa nthawi ya chipwirikiti saloledwa kukhudza poto. Ntchito yake ndi kusenda.

Ulendo wathawu ndinawapeza pansi pa mtengo wa masau akusenda anyezi, maso atafiira. Kukhitchini mlongo wawo ankakalipa kuti anyezi akuchedwa. Ndinawafunsa chapansipansi ngati sizikuwawawa, ndiponso ngati anavomera za adyo uja. Anayang'ana kukhitchini, kenako anasendera pafupi nane.

"Adyo ndi poyamba, mwanawe, pamenepo sindisintha. Koma zaka zonse zija ndinkaphikira anthu. Manje pali wondiphikira ine. Aike nthawi imene akufuna."

Ananyamula mbale ya anyezi n'kupita nayo mofulumira, asanaitanidwe kachiwiri.